Palafini wa Manda a Apongozi

Dizilo wa jenereta yathu anali ataundana ngati mafuta a nkhosa. Ndinapendeketsa chigubu, osatuluka ngakhale dontho.

Dzuwa linali lisanaoneke m'chigwa chathu cha Bartang kuyambira sabata yatha. Masola padenga ankangogona, kanyale ka pa batire katafiira kale. Batire limenelo ndi limene limayendetsa makina opatsa mpweya apongozi anga, a Davlatsho, amene mapapo awo anatopa chaka chatha. Makinawo akazima, milomo ya apongozi imada tikuona. Msewu wa ku Khorog, kumene kuli chipatala, unali utatsekeka ndi chipale chofewa chimene chinagumuka m'phiri.

Za jenereta tinakangana m'chilimwe. Ine ndinkafuna ya petulo, poti petulo saopa kuzizira. Amuna anga a Shirinbek, eni nzeru zonse za pansi pano, anati ya dizilo ndiyo yolimba, komanso dizilo amapezeka motchipa kwa madalaivala a malole. Anapezekadi, koma anali wa nyengo yotentha, wochokera kumunsi kumene madzi saundana.

"Ndi ameneyutu dizilo wanu wotchipa," ndinatero. "Tiwapakire bambo pa buledi?"

"Gulnamo, pakamwapo tatsekani kaye. Sendezani chigubucho ku mbaula."

Anasungunuka, inde. Koma jenereta imakhala m'kashedi panja chifukwa cha utsi wake, ndipo dizilo atangolowa m'timapaipi tozizira tija anagwirananso. Inalira pang'ono, n'kutsokomola, n'kukhala chete. A Shirinbek anakoka chingwe mpaka zikhatho zinasupuka.

"Pokhapokha titasakaniza ndi palafini," anatero osandiyang'ana. "Madalaivala amatero kukazizira."

Ndinathamanga khomo ndi khomo chipale chikundifika m'mawondo. Ndinabwerako ndi wa m'kanyale ka mnzanga wina, wosadzaza n'kapu yomwe. Ine ndi amuna anga tinkadziwa pamene panali palafini wambiri, koma palibe ankafuna kutchula.

Kuno nthaka ya m'chisanu imauma ngati mwala. Munthu akamwalira, amuna amayamba ayatsa moto pamalo a manda kuti pafewe, ndipo poti nkhuni n'zosowa, motowo umafuna palafini. Pa maliro a akazi awo, apongozi anaona anthu akuthyola mapiki, mtembo ukudikira m'nyumba mpaka tsiku linalo. Manyazi amenewo sanawachoke. Atangodwala anagula chigubu chawochawo cha palafini, n'kuchiika kumutu kwa pogona pawo.

A Shirinbek anagwada pafupi nawo. "Bambo, tikupempha chigubu chija."

"Ayi." Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Ameneyo ndi wa manda anga."

"Tidzagula wina msewu ukatseguka."

"Nanga ndikapita usanatseguke? Anthu adzathyolenso mapiki chifukwa cha ine?"

Amuna anga anaweramitsa mutu. Chibadwire sanawayankhepo bambo awo kawiri, ndipo ndinaona kuti sayamba lero. Apo batire linayamba kulira kuti tii, tii, chizindikiro choti latsala pang'ono kutha. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga ine amatulukira mu ukali.

"Bambo, mundikhululukire, ine ndikutenga," ndinatero. "Mukapeza mpweya mundikalipire mmene mungafunire. Koma simufa ndikuona n'cholinga choti okumba manda asatuluke matuza."

Apongozi anagwira mkono wanga. Dzanja lawo linalibe mphamvu, ndinalichotsa mosavuta, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka kwambiri.

Tinathira palafini yense m'chigubu cha dizilo wofunda uja, n'kukhutchumula. A Shirinbek anatsuka kasefa ka mafuta. Makina a mpweya anazima tili panja. Ndinamva bata lake kudzera pakhomo, ndipo sindinayerekeze kusuzumira m'nyumba. A Shirinbek anakoka chingwe, zii. Anakokanso, jenereta inatsokomola utsi wakuda, kenako inagwira.

Ndinapeza apongozi maso ali kudenga, milomo ili bii, chifuwa chikukwera movutikira. Ndinakonza kapaipi ka m'mphuno mwawo n'kukhala pansi, ndikudikira. Pang'onopang'ono milomo inayamba kubwerera. Anatembenuza mutu kuyang'ana pamene pankakhala chigubu chawo.

"Mwathira yense?"

"Yense, bambo."

Ndinakonzeka kukalipiridwa. Koma iwo anangokoka gombeza mpaka pachibwano.

"Ndiye jenereta yanuyo muisamale, mwana wanga," anatero. "Tsopano ndilibe chilolezo chofa mpaka nthaka ifewe."