Mabotolo Atatu a Keziya

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi Margaret, namwino wa ku Ntcheu, tsiku limene basi yathu inafera pa Chiweta tonse n'kukhala pamiyala kudikira makaniko. Ine ndayenda malo ambiri, ndipo anthu akaona imvi zangazi amangoyamba kukhuthula. Mayiwa anagwirapo ntchito pachipatala china m'boma la Karonga, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani.

Ku Hara, kusikimu ya mpunga, kunali mlimi dzina lake Zebedee. Anali mchikumbe weniweni, setifiketi ili pakhoma, moti alangizi akabwera ndi alendo ankayambira pamunda pake. Mkazi wake, Keziya, anadwala khansa ya m'magazi, yotupitsa m'khosi. Anamupatsa mankhwala amtundu umodzi ndipo anachira mpaka anabwerera kukaokera mpunga. Chaka chisanathe zotupa za m'khosi zinabwerera. Anamupatsanso omwewo, osaphula kanthu. Matenda anali atawazolowera.

Dokotala anaitanitsa mankhwala ena ku Blantyre, ndipo anatenga miyezi iwiri kuti afike. Anali mapiritsi amitundu itatu, m'mabotolo atatu. Mayi Margaret akuti anafotokoza bwinobwino kuti atatuwo ayenera kumwedwa limodzi, chifukwa matenda ozemba mankhwala amodzi sangazembe atatu nthawi imodzi. Zebedee ankangogwedeza mutu. Anakulunga mabotolowo m'mpango, n'kuwaika m'thumba la jekete.

Patapita milungu isanu anabwera ndi mkazi wake atamugoneka pamphasa kumbuyo kwa lole ya mpunga. Keziya anali atayera m'maso, m'kamwa mukutuluka magazi, khosi litatupa mpaka kumakutu. Atamugoneka pabedi, namwino anapempha kuona mabotolo aja.

Zebedee anamasula mpango n'kuwandandika patebulo mwaulemu. Loyamba linali lopanda kanthu. Lachiwiri linali theka. Lachitatu linali losatsegula, thonje likadali kukamwa kwake.

Mayi Margaret akuti analiloza ndi chala. Anafunsa kuti ili lachitatuli bwanji.

“Nthawi yake sinakwane, mama,” anatero Zebedee. “Sindinaphonye ngakhale tsiku limodzi. Loyambalo linali lokulitsa. Tsopano tili pa lachiwiri.”

Anafotokoza modekha, ngati mmene ankaphunzitsira alimi anzake. Feteleza sathira yense tsiku limodzi. Umayamba ndi wokulitsa, umadikira, kenako wobereketsa. Iye anaonapo mnzake wina atasakaniza matumba onse kuti athane nazo msanga, mpunga wonse unapsa. Ndiye mkazi wofooka chonchija, amuthire mankhwala atatu aukali pakamodzi? Yayi. Anati anamva ndithu zimene ananena a nesi, koma anaganiza kuti achipatala amafulumira chifukwa odwala ndi ambiri, pamene iye wodwala wake ndi mmodzi.

“Dada,” anatero namwino, “awa si feteleza. Akamwedwa amodziamodzi, matenda amawazolowera onse, monga anachitira ndi oyamba aja.”

Zebedee anafunsa ngati angayambe lero lomwe kumwetsa onse atatu. Namwino ananyamula botolo lopanda kanthu lija n'kumuonetsa. Loyambalo linatha, ndipo lina kuti lichoke ku Blantyre ndi miyezi iwiri.

Bamboyo anakhala pansi pasimenti, jekete lili m'manja. Sanalire. Ankangoyang'ana botolo losatsegulalo.

Apa mpamene Keziya analankhula ali pabedi, mawu ake otsika, m'Chitumbuka. Mayi Margaret anali atakhala kumeneko zaka zinayi, choncho anamva. Keziya anati mwamuna wake asakalipiridwe. M'mawa uliwonse asanapite kukatsegula madzi kumunda ankamudzutsa, kumumwetsa piritsi, n'kulemba mzere ndi khala pachitseko. Palibe mwamuna wina pa Hara amene akanachita zimenezo.

Dokotala anayesa ndi mabotolo awiri otsalawo. Keziya anamwalira patatha masiku khumi ndi awiri. Mankhwala ena amene anaitanitsa ku Blantyre anafika mpunga utakololedwa kale, ndipo anapatsidwa kwa wodwala wina.

Zebedee akuti chaka chotsatira sanalime. Munda wake anaupereka kwa mlamu wake Yotamu, ndipo alangizi akabwera kudzamunyengerera ankangowauza kuti iye sadziwa kusamala chamoyo.

Makaniko atafika tinakwera basi, ndipo mayi Margaret anatsikira pa Mzuzu. Ine sindikukayika kuti Keziya anamwalira, kapena kuti mabotolowo anandandikidwadi patebulo paja. Chimene ndikukayika n'chakuti mayiwa anafotokozadi bwinobwino monga akunenera. Anabwereza mawu amenewo katatu ine ndisanawafunse. Ndipo nditafunsa ngati Keziya mwini wake analipo pamene ankafotokoza, anati sakukumbuka.