Nyemba Zodzala Pabwinja

Gracinda atatsika pamota, njinga yamoto, anapeza atsibweni ake, a Nicolau, atamuchingamira kale kumsewu, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire.

"Wavutikiranji, mwana iwe? Kuno kulibe chagwa. Kamvula kaja kanangowaza."

Ntchito ya Gracinda inali yoyenda m'midzi ya ku Ntengo-Wambalame, kulemba mu tabuleti zonse zimene mvula ndi mphepo zawononga. Zolembazo zinkakalowa m'kaundula wamkulu wa dziko lonse. Mudzi wa atsibweni akewo, umene unali m'tsinde mwa phiri, unali utalowamo kale kawiri, ndipo mphekesera inali itamanga nthenje yoti ukalowa kachitatu, akuluakulu adzasamutsa anthu onse.

A Nicolau anamuyendetsa mozungulira ngati mlendo wosadziwa njira, kukamwa kuli mbwee nkhani za mitengo ya feteleza. Koma Gracinda anakulira momwemo. Anapatuka yekha n'kutulukira pakati pa mudzi, pomwe anapeza mizere yatsopano, yodzala nyemba, matope ake akali ofiira. Ndani amalima pakati pa mudzi? Atapalasa ndi nsapato, panatuluka udzu wofolera wakuda ndi utsi, kenako fuwa.

"Atsibweni, nyumba ya a Bernardo ija si inali pano?"

"Anaphwasula okha. Inali ndi chiswe."

"Nanga ya a Fátima? Chiswe cha kuno chafika podya nyumba zinayi tsiku limodzi?"

Mkuluyo sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Matope anatsika Lachiwiri. Sanafe munthu, ndiye tinagwirizana kuti tiundepo mizere usanafike. Kumene akatitayeko kachewere wathu akamera? Amayi ako agona kumanda uko, tiwasiye ndi yani? Lemba zero, Gracinda. Chala ndi chako."

Mawuwo anamulasa mtima, pakuti sukulu yonse anaiphunzira ndi ndalama za kachewere wa mkulu yemweyu. Anatsegula tabuleti, ndipo kunena zoona anatsala pang'ono kumvera.

Pafupi pomwepo Serafina, mwana wa a Nicolau, ankasuzumira m'thumba la ufa, mimba ili kutsogolo. Analankhula osadzutsa mutu.

"Mana Gracinda, musanalembe, tayang'anani kumtundako."

Gracinda anakweza maso. Phiri linali litang'ambika chopingasa, kuyambira pamwala waukulu mpaka kumunda wa a Bernardo. Mabulugama onse anali atapendekera kumudzi, ndipo madzi amatope ankatuluka pamalo pomwe sipanakhalepo kasupe. Pansi pa mng'aluwo panali nyumba zoposa makumi atatu.

"Dzana mumangolowa dzanja," anatero Serafina. "Lero m'mawa mbuzi yathyokeramo mwendo."

"Tseka pakamwa iwe," anatero a Nicolau.

Mantha anamugwira Gracinda. Kumadzulo mitambo inali itayamba kale kuda. Analemba nyumba zinayi, najambula mizere ija ndi mng'alu womwe, n'kutumiza atsibweni ake akuona.

A Nicolau anatola khasu lawo.

"Watigulitsa, mwana wa mlongo wanga. Pobwerera usadzere pakhomo panga."

Anatembenuka n'kumapita, khasu lili paphewa. Serafina sanawatsatire. Analowa m'nyumba, nayala kapulana, chitenje chake, pansi, n'kuyamba kumangamo mapoto ndi tizovala ta mwana amene anali asanabadwe.