Mabowo a Singano pa Phewa

"Chotsani nyota izi, mayi, ndipo mufulumire."

Ndinaimitsa makina. Wolankhulayo anali Chikwama, ofesala amene ntchito yake inali kunyamula chikwama cha a Jenerale, ndipo jekete yomwe anaponya patebulo inali ya mkamwini wanga. Nyota za udindo wa umeja zimene zinali pamapewapo ndinazisoka ndekha dzulo lake.

Ndinakhala telala pasukulu yophunzitsa maofesala zaka makumi atatu. Kumeneko telala amadziwa wokwezedwa mwini wake asanadziwe, chifukwa mndandanda umafika kwa iye kutatsala masiku awiri kuti perete ichitike. Mkamwini wanga, kaputeni wophunzitsa pasukulupo, anali wachiwiri pamndandandawo.

"Zalakwika pati?" ndinafunsa.

"Pakamwa pa mwini wake. Akalemba kalata yopepesa lero, muzibwezera. Apo ayi, muzisoka pa iyi." Anavula jekete yake n'kuipachika pamsomali. "Komanso a Jenerale akuti thalauza ili lachepa pochapa. Mulikulitse."

"Kachitatu chaka chino? Madzi akwanuwo ndi oopsa."

Sanaseke. Ndinatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi wanga womwe.

Masana mkamwini anabwera, chipewa chili m'khwapa. Anaima pakhomo mwaulemu monga mwa nthawi zonse, pafupi ndi mulu wa mayunifomu obwezedwa ndi asilikali amene anauzidwa kuti azipita kwawo. Muluwo unkafika m'chiuno, ukununkhabe thukuta la eni ake.

"Akamwini, mwachita chiyani?"

"Ndangoyankha funso, amayi. A Jenerale anabwera kudzatifotokozera za kukonzanso gulu. Magulu atatu akhala awiri. Asilikali mazana anayi apita kwawo. Maphunziro a maofesala, a chaka chathunthu aja, akhala miyezi isanu. Koma kulikulu atsegula maofesi atsopano asanu ndi anayi, iliyonse ndi mkulu wake ndi galimoto yake. Atatha anati, 'Lankhulani momasuka, ndife banja limodzi.'"

"Ndiye inu n'kuimirira?"

"Ndinaimirira."

"Mayo ine! Munthu wamkulu akati lankhulani momasuka amafuna kuomberedwa m'manja. Ngakhale ine wa Sitandade sikisi ndikudziwa zimenezo."

"Ndinangofunsa kuti munthu wophunzira miyezi isanu, wosadziwa kuwerenga mapu, angatsogolere bwanji anthu makumi atatu m'tchire n'kubwera nawo amoyo. Ndinati mutu ukukula, miyendo ikufota."

"Cholembera ndi ichi, pepala ndi ili. Mawu atatu okha. Mwana wanga wadikira nyumba ya umeja zaka zisanu ndi ziwiri, ana anayi m'chipinda chimodzi ngati anapiye."

Cholemberacho sanachigwire.

"Amayi, ophunzira anga onse anali atakhala kumbuyo kwanga. Sabata yatha ndinawalembera pabolodi kuti ofesala amanena zoona kwa womuposa, ngakhale ziwawe. Ndikalowa ndi nkhope iti Lolemba?"

Ndinafuna kumugenda ndi sizasi. Koma ndinangotenga jekete yake n'kumuonetsa pamapewa. Pamene panali nyota panatsala timabowo ta singano, tozungulira bwinobwino, moti wakhungu yemwe akanawerenga ndi chala.

"Dikirani ndisite ndi nsalu yonyowa, mabowowa atsekeka."

"Asiyeni," anatero, n'kuivala.

Nyota zija ndinazisoka pajekete ya Chikwama, munthu amene matope ankangowaonera pawindo la galimoto. Ndinasoka bwino, poti ntchito ndi ntchito. Ndiye panatsala thalauza lija. Mkati mwake munalibenso nsalu yofutukula, ndinali nditaimaliza kale. Ndinapita pamulu paja, n'kusolola thalauza la msilikali wina wochotsedwa, lopauka ndi dzuwa, lotha m'maondo. Ndinadulapo chigamba chachikulu ngati dzanja langa n'kuchilowetsa kumbuyo.

Tsiku la perete ndinaima kuseri kwa nsanja, pamalo athu a ife osavala nsapato zonyezimira. A Jenerale analankhula ola lathunthu za kulimba mtima. Anati dziko likufuna maofesala osaopa. Akuluakulu anzawo anaomba m'manja, ena atangodzidzimuka kutulo. Chikwama anaitanidwa, anaguba ngati bakha, anapatsidwa udindo wa umeja.

Mkamwini wanga anaima patsogolo pa ophunzira ake, wowongoka ngati mtengo wa mbendera. Mwana wanga sanabwere. Anali kunyumba, akumanga katundu, poti kalata yowasamutsira kumalire inali itafika m'mawa womwewo.

Lipenga linalira. A Jenerale anakweza dzanja kuchitira sailuti, jekete n'kukwera m'mwamba. Kutsogolo gulu lonse linkaona mamendulo. Ife akumbuyo tinkaona chigamba chopauka chija chitakokeka mpaka ulusi kuonekera, nsalu ya msilikali wochotsedwa itagwira matako a Jenerale kuti asatuluke.