Nsanamira za a Jailos

A Jailos anabwerako ku Joni m'chaka cha 1953. Kumeneko anagwirako ntchito yokonza holo ya mzinda, chinyumba cha nsanamira zazikulu zotengera mamangidwe a Aroma akale. Atapatsidwa ntchito yomanga khoti laling'ono kufupi ndi Nsaru, anaimika pakhonde nsanamira zinayi zoterozo, zanjerwa, zonenepa kuposa munthu, nazipaka laimu.

Sabata lomwe anamaliza, mwana wamkazi wa a Nowa, mlimi wa m'deralo, anasowa atapita kudambo. Anamfuna m'minda ya fodya ndi m'zitsime, osampeza. Kenaka pamsika panamveka zoti nyumba za Azungu siziima popanda magazi a munthu.

Anthu anafika dzuwa lili paliwombo, atanyamula makasu ndi minsi. A Jailos anali pakhondepo, akutsuka zipangizo zawo.

"Amisiri, mwana wanga ali mu iti?" anafunsa a Nowa.

"Mulibe munthu umu, achimwene. Ndi njerwa zokhazokha."

"Nanga zanenepa ndi chiyani?" anakuwa wina. "Ku Joni njerwa zimadya, eti?"

Mwala unawaphwanya pakamwa a Jailos. Atagwa, mpini wa khasu unawathyola mkono, ena nkumawaponda m'nthiti. A Nowa anagumula nsanamira yoyamba ndi munsi. Munali njerwa. Yachiwiri, njerwanso.

"Yachitatuyo ayi," anatero a Jailos, akulavula magazi. "Denga likugwerani."

Amene anamva ndi mayi Getrude okha, mkazi wa a Nowa, omwe sanatole mwala. Anawakokera a Jailos pabwalo, nkuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Ndiuzeni ine ndekha, bambo," ananong'ona. "Alimo?"

"Mulibe, mayi. Mulungu akuona."

A Nowa atagumula yachitatuyo, denga linatsika ndi mkokomo, mtanda wake nkupanikiza miyendo ya a Nowa. Ambiri anathawa poopa apolisi. Otsala anaima kukamwa yasa, mpaka a Jailos anakwawa nkuloza ndi mkono wamoyowo polowetsa mitengo. Anthuwo anautukula mtandawo, nkuwasolola a Nowa akupumabe.

Palibe anakhudzanso a Jailos. Wina anawabweretsera madzi m'chikho, osawayang'ana kumaso.

Nsanamira yachinayi inatsala chiimire. Mayi Getrude anapita pomwepo, nkugwada, nkutsamiza khutu lawo pa laimuyo. Anaitana dzina la mwanayo pang'onopang'ono, nkudikira.