Khoma la a Girisi

Mkulu wokonza mfuti uja anthu ankangowatchula kuti a Girisi, chifukwa ngakhale ku ukwati ankapita akununkha mafuta. Shopu anali ataisiya m'manja mwa mwana wawo wamkazi, koma khoma lakumbuyo anakakamira. Pakhomapo panali mfuti zakale zisanu ndi ziwiri za mipope iwiri, zopukutidwa mpaka kudzionerapo nkhope, ndipo chaka chinatha osagulidwa ngakhale imodzi. Alenje a masiku ano amafuna zatsopano, zopepuka, zapulasitiki pogwirira.

"Adadi, khomali ndikulifuna," anatero mwanayo Lolemba. "Pofika Loweruka ikapanda kugulidwa olo imodzi, zonse zikulowa m'bokosi."

Mawa lake a Girisi anabwera atamanga tayi. Ananyengerera dokotala wina wa mano, koma iye atainyamula imodzi anati akufuna mfuti, osati mpini wa khasu. Ena ankangogwedezera mutu mwaulemu, maso ali ku zatsopano.

Loweruka masana kunalowa mlimi wina, chiphaso chogulira mfuti chili m'thumba. Zatsopano anazidutsa osacheuka, n'kuloza yapamwamba penipeni pakhoma paja, yozokotedwa maluwa pachitsulo. Mtengo sanautsutse n'komwe. Mwana wa a Girisi anawatsinzinira bambo akewo kuti asachulutse gaga m'diwa.

Mlimiyo anaitsegula, n'kusuzumira m'mipope moyang'anitsa kuwindo. Kenako anaigwedeza ndi dzanja limodzi, mfuti n'kudzitseka yokha kuti khwa.

A Girisi analimva m'mano phokosolo. Mfuti yotere imatsekedwa ndi manja awiri, thabwa n'kumakwera pang'onopang'ono kukakumana ndi chitsulo, monga mmene amagonekera khanda. Zaka makumi anayi anathera pokonza mahinjesi ophedwa ndi manja ngati amenewa.

"Tabweretsani kuno, achimwene."

"Ili ndi vuto kodi, madala?"

"Ilibe. Kungoti siyogulitsa."

"Nanga zinazo?"

"Nazonso."

Mlimiyo anakweza mapewa, n'kugula yapulasitiki, ulendo.

Poweruka a Girisi anavula tayi, n'kuyamba kuzitsitsa okha, iliyonse n'kuikulunga m'nsalu yamafuta. Zinawawawa, osanama, khoma lopanda kanthulo ankalizemba ndi maso. Mwana wawo anabwera kudzawagwirira makwerero.

"Adadi, ija inali itagulidwatu."

"Ndikudziwa, mwanawe." Anaigoneka m'bokosi pamwamba pa zinzake. "Koma muno mulibe woimenyetsa."