Maso Anga pa Thumba Lawo

Mlonda atawagwira amuna anga pamkono pakhomo la sitolo, ine ndinangoti kakasi, botolo la mafuta ophikira lili m'manja.

"Akulu, tatulutsani chimene chili m'thumba la jeketelo."

Amuna anga anayesa kuseka, kuseka kwawo kuja kobisira mantha. Kenako anapisa dzanja n'kutulutsa magalasi owerengera, kapepala ka mtengo kali lende.

Apa n'kuti atangotha miyezi yochepa chitulukireni kundende, komwe anakakhala chifukwa choba matayala pagalaja. Anatuluka atachenjezedwa kuti akadzangolakwanso, ngakhale pang'ono, adzabwerera komweko. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinasanduka wapolisi wa m'nyumba. Pochapa ndinkayamba ndapisa m'matumba. Tikalowa m'sitolo sindinkaona katundu, ndinkaona manja awo. Iwo ankangondiseka: "Amayi, boma likanakulembani ntchito, akuba tonse tikanatha."

Kusitolo kuja, mlonda anatilowetsa m'kachipinda kosungiramo makatoni kuti tidikire apolisi. Ndinagwada pasimenti, manyazi onse nditataya.

"Achimwene, chonde, ndilipira. Akapita kukhoti awa sabwerako."

"Nkhani yafika kale kwa abwana, mayi," anatero mlonda uja. "Ndipo kunena zoona, ine bambowa sindinawaone akutenga. Ndinaona inuyo. Kuchokera kumashelefu a sopo mpaka pakauntala, maso anu anali pathumba lawo basi. Ndinati iyayi, mkazi sangayang'ane mwamuna wake choncho popanda kanthu."

Inetu sindinkadziwa kuti m'thumbamo muli chinthu. Ndinkangoyang'ana monga mwa masiku onse. Amuna anga anatembenuka n'kundiyang'ana, osakwiya, ndipo kuyang'ana kumeneko n'kumene kumandipweteka mpaka lero.

Magalasiwo anabera ine. Ndine telala, ndipo maso anali atayamba kundikana. M'mawa uliwonse, asanapite kokasaka ganyu, amuna anga ankandilowetsera ulusi pasingano ya makina. Tsiku lina nditatopa ndinawalasa ndi mawu: "Amuna anzanu amagulira akazi awo magalasi, inu ntchito kunyambita ulusi." Anaseka. Ndinkayesa zathera pomwepo.

Kukhoti nkhani sinatalike. Anavomera mlandu, woweruza anawerenga za matayala zija, basi chigamulo n'kugwa: abwerere kundende. Panja apongozi anga anandiloza chala. "Mwana wanga mwamupereka ndi maso anu omwewo!" Mkulu wanga anandikoka dzanja: "Tiye, iwe. Wakuba sasintha, ukwati umenewu uthere pano." Kuba anabadi, sindikana. Koma ndinawasiya onse awiri pomwepo n'kubwerera kunyumba.

Patapita milungu ndinalimba mtima kukawaona amuna anga kundende. Anatuluka ataonda, atametedwa mpala, koma nthabwala zili pomwepo.

"Nanga ulusi akukulowetserani ndani, amayi?"

"Ndimavutika ndekha," ndinatero. "Bambo, mundikhululukire."

"Mwalakwa chiyani? Dzanja linali langa."

Ndinkafuna kuwauza kuti ndidzawadikira, kuti akadzatuluka sindidzawalonderanso. Mawu anali atafika kale pakamwa. Koma pamene ankakhala pabenchi, maso anga anatsikira okha m'chiuno mwawo, kufunafuna thumba pa yunifolomu yopanda matumba.

Anandiona. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Anatukula manja onse awiri n'kuwaika patebulo, zikhatho zili m'mwamba, ndipo sanawachotsepo mpaka nthawi yoonana itatha.