Manja Otentha

Tsiku la Khirisimasi, dzuwa lisanasuzumire paphiri, Kristina anali atasesa kale bwalo lonse la apongozi ake ku Lobi. Anatunga zidebe zinayi kuchitsime, natereka madzi osamba, nasankha mpunga, nasosola nkhuku ziwiri, kenaka nasenda kachewere wodzaza beseni. Mapoto a dzulo anawakwecha ndi mchenga mpaka kuwala. Anali atangotha miyezi itatu pabanja ndi Yeremiya, ndipo aka kanali koyamba kugona kwawo kwa mwamuna wakeyo. Chomwe ankafuna chinali chimodzi: kuti akamachoka, anthu atsale akunena kuti Yeremiya anapeza mkazi.

"Mlamu, pumaniko," anatero Ndapeza, mlongo wake wa Yeremiya, akuyamwitsa khanda lake la masabata atatu pakhonde. "Mukamaliza zonse lero, mawa tikutumani chiyani?"

"Mawa bwana ndine, wotumidwa ndinu."

"Iii, achimwene anatitengera kapitawo!"

Anaseka onse awiri.

Kristina anakulira ku Kabwazi kwa azakhali ake, mayi wa kwaya ndi kolona. Ukwati usanachitike, amayi a mumpingo anamulangiza za kugwada, za kuphika, za kusayankha mwamuna pagulu. Za makanda palibe anatchulapo.

Masana, anthu atabwerako kutchalitchi, Ndapeza anagoneka mwana pamphasa patsinde pa mtengo wa mapichesi, nathamangira kuseri kukapirikitsa mbuzi zomwe zinalowa m'munda wa nyemba. Mvula ya kumapiri siodira. Inangoti waa, madontho akuluakulu ozizira ngati matalala. Khanda linalira. Kristina anaponya chipande, nalinyamula, nalifunditsa chitenje chake chatsopano, nathamangira nalo m'nyumba.

Pakhomo anakumana ndi apongozi ake aakazi, aNaphiri. Mayiwo anaima njii ngati aona njoka.

"Mwamunyamula?"

Kristina anagwada, mwana ali m'manja. "Mvula, amayi."

"Mayo ine! Mwanayu sanatengedwe! Makolo ake asanamulowetse kumphasa, khanda limakhala lozizira. Inu muli pabanja, mukugona ndi amuna anu, thupi lanu ndi lotentha. Wotentha sagwira khanda. Mwatidulira mwana! Kwanuko sanakuuzeni?"

"Sanandiuze, amayi."

ANaphiri anamulanda mwanayo ndi chitenje chomwe. Mpunga wa tsiku limenelo unadyedwa popanda wouyamikira.

M'mawa mwake mwana anayamba kutsokomola. Pofika masana anakana bere. ANaphiri anakatenga mizu ya mdulo kwa mayi wina wodziwa mankhwala, nang'amba kansalu pachitenje chija kuti phulusa lake lilowe m'mankhwalamo. Kristina sankaloledwa kulowa. Anangosuzumira pazenera, ndipo anaona nthiti za mwanayo zikulowa m'kati nthawi iliyonse akapuma. Zimenezi anaziwonapo pa mwana wa azakhali ake, yemwe anamuika m'manda atangodwala masiku atatu.

Anaitanira Yeremiya kuseri kwa nkhokwe.

"A Yere, chijatu ndi chibayo. Mwanayu apite kuchipatala lero lomwe."

"Ndiye ndikawauze chiyani amayi? Wogwira mwana ndinu, wolamula mukhalenso inu?"

"Mizuyo amwe, sindikuletsa. Koma akamwere kuchipatala."

Yeremiya anangoyang'ana zala za kumapazi kwake.

Kristina anabwerera pazenera. ANaphiri anali atatuluka kukapala moto.

"Mlamu," ananong'ona, "kudana nane mudzayambe mawa. Lero taonani nthiti za mwana wanu."

Ndapeza anavundukula kamalaya, nayang'ana nthawi yaitali. Anangoyamba kukulunga mwana m'bulangeti, misozi ikugwera pamanja.

Msewu unali matope okhaokha, ndipo wa njinga yamoto yemwe Kristina anakamuitana anakanitsitsa kutsika phirilo ulere. Pakhomopo ndalama zonse zinali zitathera ku mpunga ndi shuga. Kristina anamasula foni yake pansonga ya nsalu, mphatso ya ukwati yochokera kwa azakhali, napatsa wa njingayo. Pomwe aNaphiri amatulukira ndi moto paphale, njinga yonyamula Ndapeza ndi mwana inali itakhota kale pamabulugamu.

Kuchipatala anati chinalidi chibayo, ndipo mwana anamuika pa mpweya. Anagonako masiku asanu. Yeremiya anati sangachoke mwana wa mlongo wake ali pakati pa moyo ndi imfa, choncho iye ndi Kristina anakhalabe ku Lobi. Masiku onsewo Kristina ankalawirira kukapalira chimanga cha apongozi, poti khasu lokha ndilo silinkamuthawa. Akafika pachitsime, amayi oyamwitsa ankatembenuza misana, ana awo akhale kumbali inayo. Chakudya chake ankamusiyira pakhonde.

Tsiku lotsiriza la chaka mwana anabwera wamoyo, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya.

"Mizu ija yagwira ntchito," aNaphiri ankauza aliyense wobwera kudzazonda. "Pakadapanda iyo, bwenzi titakumba. Nanga si mkazi wa Yeremiya, wa manja otentha uja."

Ndapeza anadutsa pafupi ndi Kristina, mwana ali kumsana. Anaima pang'ono.

"Mlamu..."

"Ndapeza!" anakuwa amayi ake m'nyumba. "Bwera naye kuno mwanayo!"

Anapita.

M'mawa wa chaka chatsopano Kristina anagwada pakhonde kuti atsanzike. ANaphiri anayang'ana pamwamba pa mutu wake, nalankhula ndi mwana wawo.

"Pa Isitala udzabwere wekha, Yeremiya. Pakhomo pano makanda sakutha."

Anayenda mpaka pamsewu waukulu wopita ku Kaphuka komwe ankakhala. Pamenepo ndi pomwe Yeremiya anatsegula pakamwa.

"Koma mukadafunsa kaye."

"Ndifunse mvula ikumugwera?"

Mwamunayo anasintha chikwama phewa, napitiriza kuyenda.

Ulendo umenewu unadya izi: foni imodzi, chitenje chimodzi, ndi kachewere wa munda wawo wonse, yemwe anapsa ndi chiwawu chifukwa tsiku lopopera mankhwala linadutsa iwo ali ku Lobi. Chaka chimenecho mbewu anachita kupempha. Pa Isitala Yeremiya anapita yekha, pa Khirisimasi yotsatira anapitanso yekha, ndipo akabwerako sanena zambiri. Mwana wa Ndapeza anamutcha Ufulu. Akuti tsopano akuyenda. Kristina amangomva kwa anthu.